Mpira Wokhota wa Jess Bhamra

Pa mpira wamiyendo pali mphindi ina imene bwalo lonse limati zii. Woyimbira akaliza wezulo chifukwa wosewera wagwetsedwa pafupi ndi golo, mpira umaikidwa pansi, ndipo osewera anayi kapena asanu a timu inayo amaima mogundana mapewa pa mtunda wa mamita 9.15 kuchokera pampirawo. Mzere umenewu amautcha khoma. Womenya mpira saloledwa kuligwetsa khomalo, ndipo akaliomba ndi mpira ndiye kuti wataya mwayi. Katswiri amamenya mpira cham'mbali ndi m'kati mwa phazi kuti uzizungulira uli m'malere. Ukatero umakhota, n'kulambalala khoma, n'kukagwera mu ukonde. David Beckham anatchuka ndi luso limeneli. Mu Okutobala 2001, pa bwalo la Old Trafford, chigoli chake chotere cha m'mphindi zomaliza posewera ndi Greece ndicho chinatengera England ku mpikisano wa dziko lonse wa 2002.

M'chaka cha 2002 chomwecho kunatuluka filimu yanthabwala yotchedwa Bend It Like Beckham, kutanthauza kukhotetsa mpira monga amachitira Beckham. Anaitsogolera ndi mayi Gurinder Chadha, amene anabadwira ku Nairobi m'banja lochokera ku India nakulira ku London. Woonera filimuyi kamodzi amakumbukira kuseka. Woionera kachiwiri amazindikira kuti nkhani yonse inamangidwa ngati kamenyedwe ka mpira kaja: pali womenya, pali golo, ndipo pakati pa awiriwa paima khoma.

Mpangankhani wamkulu ndi Jess Bhamra, mtsikana wa zaka 18 wa m'banja lachipembedzo cha Chisikh. Amakhala ku Hounslow, kumadzulo kwa London, kumene ndege za pa Heathrow zimadutsa pamwamba pa madenga tsiku lonse. Filimu ikungoyamba, Jess ali m'bwalo, wavala yunifolomu ya Manchester United. Beckham akumupatsira mpira, iye n'kugoletsa ndi mutu. Akatswiri a pa wailesi yakanema, Gary Lineker ndi anzake, akumutamanda. Kenaka akutembenukira kwa mayi ake a Jess, amene akhala nawo pamenepo, kuti nawonso ayamikire. Mayiwo akuyamba kukalipa kuti mwana wawo wamkazi akuthamanga miyendo ili pamtunda pamaso pa khamu la anthu. Apo n'kuzindikira kuti zonsezi anali maloto a masana a Jess, ali m'chipinda mwake. Mphindi zochepa chabe zapita, koma woonera wadziwa kale chimene mtsikanayu akufuna ndiponso amene adzaime patsogolo pake. Umu ndi mmene chiyambi chabwino chimagwirira ntchito.

Chimene chimapatsa nkhaniyi kulemera n'chakuti m'khomamo mulibe mdani. Mulibe mfiti, mulibe chigawenga. Muli mayi amene akufuna kuti mwana wawo adziwe kuphika chapati ndi aloo gobi, ndiwo ya mbatatesi ndi kolifulawa, kuti asadzachititse manyazi banja akadzakwatiwa. Muli bambo ofatsa, ogwira ntchito ku Heathrow, amene akufuna kuti Jess aphunzire zamalamulo. Muli mkulu wake, Pinky, amene maganizo ake onse ali pa ukwati wake ndi Teetu. Mdani ukhoza kumugonjetsa n'kupita kwanu ukuimba. Nanga anthu okukonda uwatani? Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, ndipo Jess akudziwa zimenezi popanda womuuza. Mwana amene amalankhula Chichewa kunyumba koma Chishona, Chizulu kapena Chingerezi kusukulu, amene agogo ake anabwera m'dziko limenelo kudzafuna ntchito, sangavutike kumvetsa mtsikana wokhala ndi moyo wina pakhomo ndi wina kunja kwa geti.

Nkhani siyenda mpaka china chake chitaikankha. Chokankha pano ndi Jules Paxton, mtsikana wachizungu amene akuona Jess akuchenjeretsa anyamata pa mpira wa m'paki. Jules akumuitanira ku timu ya atsikana ya Hounslow Harriers, imene mphunzitsi wake ndi Joe, mnyamata wochokera ku Ireland. Makolo atamva akukaniza. Jess akusankha njira yoyamba yolambalala khoma, ndipo njirayo ndi bodza: akunena kuti wapeza ntchito m'sitolo.

Kuyambira apa nthabwala zambiri zikubadwa kuchokera ku bodzalo, chifukwa bodza lililonse likufuna linzake loliphimba. Jess akupatsidwa ndalama zogulira nsapato za ukwati, iye n'kukagula nsapato za mpira. Kuti abise zimenezi akubwereka nsapato za mayi ake a Jules. Tsiku lina makolo a Teetu akudutsa pa galimoto n'kuona Jess ndi Jules akuseka atagwirana pamalo okwerera basi. Poti Jules ali ndi tsitsi lalifupi, iwo akuganiza kuti ndi mnyamata, ndipo akuthamangira kwa asewere awo kukathetsa ukwati wa Pinky. Woonera amaseka chifukwa akudziwa zoona zake pamene akuluakuluwo sakudziwa. Koma kusekako kumatha msanga akaona Pinky akulira. Nthabwala yabwino ya mtundu uwu imakhala ndi mtengo wake, ndipo wolipira nthawi zina amakhala munthu amene sanalakwe.

Banja la Jules linaikidwa m'nkhanimu ngati kalilole. Mayi ake nawonso sakondwa kuti mwana wawo wamkazi amangoganiza za mpira, ngakhale iwo sachokera ku India. Pambuyo pake akuyesa kuphunzira malamulo a masewerawa, amuna awo akuwafotokozera za ofusayidi pogwiritsa ntchito mabotolo a zokometsera chakudya pa tebulo. Woonera akuphunzira mwakachetechete kuti khoma lotere limapezeka m'nyumba zamitundu yonse.

Cha pakati pa filimu pali kachigawo kosavuta kukaiwala, komwe ndi mbewu ya mathero onse. Joe akupita kunyumba kwa a Bhamra kukapempha kuti Jess aloledwe kusewera. Bambo Bhamra akukana, koma pokanapo akufotokoza chifukwa chake. Ali mnyamata ku Nairobi anali katswiri woponya mpira pa masewera a kiriketi. Atafika ku England, a m'makalabu anaseka nduwira yawo n'kuwapirikitsa. Safuna kuti mwana wawo adzakhumudwe chimodzimodzi. Mawuwo ndi ochepa, ndipo nkhani ikupitirira ngati palibe chachitika. Komatu mlembi waluso sabzala mbewu imene sadzakolola.

Kenaka zinthu zikuyamba kugwa, chimodzi pambuyo pa chinzake. Timu ikupita ku Hamburg, ku Germany, Jess atanama kuti ali kwa achibale. Kumeneko akulephera kugoletsa penate ndipo timu ikugonja. Usiku womwewo akuyambana ndi Jules chifukwa onse awiri amamufuna Joe. Mbali imeneyi ya chikondi ndiyo yofooka kwambiri m'filimu yonse. Ntchito yake yaikulu n'kungolekanitsa mabwenzi awiriwa pa nthawi imene Jess akufunikira bwenzi. Makolo akuona chithunzi cha timu m'nyuzipepala, ndipo basi ikamafika ku London iwo ali pomwepo, akudikira. Pa masewera ena, wosewera wa timu ina akumunyoza Jess chifukwa cha mtundu wake. Jess akumukankha, woyimbira n'kumuonetsa khadi lofiira. Pakati pa oonerera pakhala bambo ake, amene abwera osamuuza. Aona mwana wawo akusewera mwaluso, aonanso akunyozedwa monga ananyozedwera iwo.

Tsopano mlembi akumanga mfundo yothina. Ukwati wa Pinky wabwezeretsedwa, koma tsiku lake lagwera pa tsiku la masewera omaliza a mpikisano, pamene munthu wofufuza akatswiri wochokera ku America adzabwere kudzaonerera. Poyamba Jess ankatha kugawa sabata, masiku ena a mpira, ena a pakhomo. Tsopano zonse ziwiri zafuna ola limodzi, ndipo palibe bodza limene lingaike munthu m'malo awiri. Jess akusankha ukwati. Akuvala sari, akuima pakati pa alendo, nkhope ili ndwii.

Apa ndiye pampondachimera. Bambo Bhamra, poona mwana wawo ali ngati wapita pamaliro, akumulola kuti achoke ndi mnzake Tony akasewere chigawo chotsala. Zithunzi zikusinthana mofulumira: kuno ng'oma ndi magule a ukwati, uko mpira, kuno achibale akunyamula mkwatibwi, uko atsikana akukumbatirana. Zigoli zili chimodzi kwa chimodzi pamene Jess akugwetsedwa pafupi ndi golo. Mpira ukuikidwa pansi. Jess akudzutsa maso, ndipo m'malo mwa osewera a timu inayo akuona mayi ake, Pinky ndi azakhali atavala zaukwati, ataima mzere, akumukodola ndi kumuletsa. Chithunzichi n'choseketsa, komanso ndicho mutu wa filimu yonse utaonekera poyera. Jess akumenya. Mpira ukukhota, osakhudza aliyense, n'kulowa.

Filimu zambiri zikanathera pomwepo, koma ino ikudziwa kuti chigoli sichinamasule mfundo yeniyeni. Jess ndi Jules apatsidwa mwayi wokaphunzira ndi kusewera pa yunivesite ya Santa Clara ku California, ndipo makolo a Jess sanamvebe. Anzake a m'timu akumuthandiza kuvalanso sari mothamanga, iye n'kubwerera ku ukwati. Kumeneko mayi ake a Jules akuzindikira nsapato zawo zija n'kuzilanda pamaso pa alendo. Ngakhale kambewu kakang'ono ako kakololedwa. Madzulo, banja litasonkhana, Tony akufuna kuthandiza ndi bodza lina: akuuza akuluakulu kuti akufuna kukwatira Jess, pokhapokha ayambe wamulola kukaphunzira kumene afuna. Mayi akusangalala. Bodzali likanagwira ntchito kuposa ena onse. Jess akulikana, ndipo kwa nthawi yoyamba akunena pamaso pa onse chimene akufuna. Kukula kwake kwaonekera apa, m'chipinda chochezera, osati m'bwalo la mpira.

Oyankha ndi bambo ake. Akubwereranso ku nkhani ya kiriketi ija, koma tsopano akuiona mwina. Akuvomereza kuti atapirikitsidwa sanadandaule kwa aliyense, anangolumbira kuti sadzaseweranso, ndipo amene anavutika ndi lumbirolo ndi iwo eni. Safuna kuti Jess atengere mantha awo. Motero zikuoneka kuti m'nkhaniyi anthu okula ndi awiri, wina wa zaka 18, wina wa imvi m'ndevu.

Pa Heathrow mabanja awiri aja akutsazikana ndi ana awo, ndipo Jess ndi Jules akuona Beckham akudutsa chapatali. Patapita nthawi, Pinky ali woyembekezera, ndipo pa kapinga wa pafupi ndi nyumba Bambo Bhamra atulutsa zida zawo zakale. Akusewera kiriketi ndi Joe.