Ulendo wa pa Nyanja ndi Timawailesi Tiwiri

Tifuna kukusimbirani za ulendo umene tinayenda pa nyanja mwezi wa August caka ca 2019, ife ndi amai a kunyumba ndi ana athu awiri, mnyamata wa zaka 16 ndi mlongo wace wa zaka 14. Tinakwera sitima ya Ilala pa Monkey Bay tsiku Lacisanu m'mawa, kulinga ku Nkhata Bay. Sitimayi inapangidwa ku Scotland caka ca 1949, ndipo inabwera kuno zidutswazidutswa, nailumikiza amisiri pa Monkey Bay pomwepo, niyamba nchito yace mu 1951. M'litali mwace ipitirira pang'ono mamita 50.

Amai anali ndi mantha, pakuti anamva kwa agogo ao za sitima ya Viphya imene inamira caka ca 1946 kumpoto kwa nyanja, nifa anthu 145. Tsono ana a msinkhu uwu sakhala pansi ai, afuna kuona zonse. Ndipo lamya za m'manja sizidalirika pakati pa madzi, pena zigwira pena zileka. Cifukwa cace tinabwereka kwa mlamu wathu timawailesi tiwiri tolankhulirana, tonga tija anyamula alonda ndi apolisi. Tina tinasunga ife, tina tinapatsa mnyamata.

Magwiridwe ace ndi otere. Mawailesi onse awiri muwaike pa nambala imodzi. Pofuna kulankhula mupsinja kabatani ka pambali, ndipo mutatha muleka kupsinja kuti mnzanu ayankhe, pakuti anthu awiri sangalankhule nthawi imodzi. Safuna mayunitsi kapena nsanja, koma mabatire okha. Dziwaninso kuti munthu ali yense wokhala pa nambala yomweyo akumva zonse, cotero si malo onenerapo za ndalama zimene mwamanga m'cikwama.

Tsiku loyamba tinaphunzira kuti mau a wailesi ayenda bwino pamene palibe cochinga, monga pamwamba pa madzi, koma citsulo ciwameza. Ana ali pamwamba pa sitima tinamvana bwino lomwe. Atatsikira pansi, kumene kuli matumba a ufa ndi madengu a usipa, tinangomva phokoso ngati mvula pa malata. Pamenepo tinapangana kuti nthawi ya cakudya iri yonse tidzikomana pa malo amodzi, wailesi ilankhule kapena isalankhule.

Loweruka tinafika pa Likoma, cisumbu ca milambe yambiri, cimene ciri ca dziko lathu ngakhale cazingidwa ndi madzi a Mozambique. Mapiri a tsidyalo aoneka pafupi ndithu. Masiku amenewo sitima inkaima kutali ndi gombe, ndipo anthu ndi katundu ankatsika pa mabwato. Popeza kutsitsa katundu kutenga maora ambiri, ana anapempha kukaona chalichi cacikulu ca Petro Woyera, cimene a mishoni ya UMCA anayamba kumanga caka ca 1903. Tinawalola, ife titatsala kusunga katundu.

Dzuwa litapendeka, mwera unayamba kuomba, ndipo lipenga la sitima linalira. Tinaitana pa wailesi: zii. Tinaitananso, osayankhidwa. Amai anaimirira nagwira citsulo ca m'mphepete, maso ali kumtunda. Mtima wathu unatentha, ndipo tinayamba kukalipa m'kawailesi muja mosalekeza, kunena za kusamvera kwa ana a masiku ano ndi za bwato lotsiriza limene lidzawasiya. Tinalankhula nthawi yaitali, koma yankho panalibe.

Pamenepo mkulu wina wogulitsa nsomba, amene anakhala pafupi nafe pa thumba lace, anati, "Bambo, tacotsani cala pa batanipo. Mwanayo angalowe bwanji inu mutatseka khomo?" Tinaleka kupsinja, ndipo nthawi yomweyo mau anamveka: "Atate, tiri pa mcenga, tikukwera bwato. Takhala tikuyankha kalekale." Poyamba paja anali m'kati mwa chalichi, m'makoma a miyala, kuseri kwa citunda, kumene mau athu sanafike, koma atamva lipenga anathamangira kugombe monga tinapangana, ndipo kuyambira pamenepo wotsekereza mau anali ife tomwe. Anakwera m'sitima zobvala zitanyowa, mtsikana atanyamula malambe awiri a amai wace.

Tsono inu amene mudzayenda ulendo wotere, tengani mabatire apadera, yesani mawailesi musanakwere, ndipo pamwamba pa zonse panganani ndi ana malo ndi nthawi, pakuti pangano linawabweza anawo pamene wailesi inalephera. Usiku umenewo, sitima irikupita ku Chizumulu, tinapepesa mnyamata wathu, cinthu cimene sitinacitepo ciyambire. Iye anaseka, natiuza zambiri za cisumbuco, za mizati ya chalichi ndi za asodzi amene anaceza nao. Ndipo ife tinakhala cete kumvetsera kufikira nyali za Nkhata Bay zinaoneka.