A wa chipewa ndi a wopanda chipewa

Aphunzitsi anzanga, ndiyambe ndi tsiku lomwe ndidalakwira wophunzira wanga. Ndinkaphunzitsa sukulu ya kwacha m'katchalitchi kena ka kumudzi, masana anthu ataweruka kumunda. M'kalasimo mudali mayi wina wogulitsa tomato pamsika, wakhama zedi. Kwa miyezi itatu tidalimbana ndi a, e, i, o, u, kenako ma, me, mi, mo, mu, ndipo chilichonse chomwe ndinkalemba pa bolodi ankachiwerenga osadodoma. Tsiku lina ndidabwera ndi kapepala ka kuchipatala konena za katemera, n'kuwapatsa kuti awerengere anzawo. Adakayang'ana nthawi yaitali, kenako adati, "Aphunzitsi, izitu simunatiphunzitse." Anzawo adaseka. Ine ndidayankha mokalipa kuti, "Mayi, si 'mwana' yemweyu tinawerenga dzulo?" Sabata yotsatira sadabwere.

Nditawatsatira kumsika, adatenga pepala lokulungira malonda n'kundilozera. "Kalembo aka kali ndi chipewa. Kanu kaja kalibe." Adali kunena zoona. A yemwe ndimalemba ndi choko ndi wozungulira, wa kandodo pambali, pomwe a wa m'mabuku ambiri osindikiza ali ndi kangowe pamwamba. Kwa ine yemwe ndidayamba kuwerenga ndili mwana, awiriwa ndi lembo limodzi. Kwa iwo adali malembo awiri, ndipo limodzi adali asadalionepo m'kalasi. Tsono taganizani: m'Chichewa ndi mawu angati omwe alibe a?

Ku maphunziro a kaphunzitsidwe ka akuluakulu adatikonzekeretsa bwino pa za maphatikizo a malembo, za kusankha mawu ochokera m'moyo wa ophunzira, za kulemekeza munthu wamkulu. Za maonekedwe a lembo pa pepala sitidakambirane. Zimenezi ndidadzazimvetsa patapita zaka, nditakumana ndi ntchito ya a Saki Mafundikwa a ku Zimbabwe, omwe luso lawo ndi lokonza malembo ndi zithunzi kuti buku, chikwangwani kapena tchati chiwerengeke bwino ndi kukopa maso.

A Mafundikwa adabadwa mu 1955. Adaphunzira ku Indiana University ku America, kenako adatenga digiri yachiwiri ya lusoli ku Yale University. Adagwira ntchito zaka zambiri ku New York, kukonza mabuku ndi zina zosindikiza, komanso adaphunzitsako pa sukulu ya Cooper Union. Munthu wofika pamenepo ambiri tikadati wafikapo, akhale konko basi. Koma iwo adabwerera kwawo, ndipo mu 1999 adatsegula sukulu ku Harare yotchedwa Zimbabwe Institute of Vigital Arts. Liwu loti "vigital" adalipeka okha posakaniza mawu awiri a Chingerezi, lina lonena za zooneka ndi maso, lina za makompyuta. Mwachidule sukuluyo idatchedwa ZIVA, ndipo m'Chishona "ziva" ndi "dziwa" wathu yemweyu.

Musaiwale nthawi yomwe adachita zimenezi. Zaka zotsatira chuma cha Zimbabwe chidalowa pansi, mpaka mu 2008 ndalama inkatha mphamvu munthu ali pamzere wogulira buledi. Kuyendetsa sukulu yodalira makompyuta ndi magetsi m'nyengo ngati imeneyo, inu omwe mudasowapo ngakhale choko mukhoza kumva kulemera kwake. M'zaka zomwezo adajambula filimu yotchedwa Shungu, yomwe idatuluka mu 2009, yoonetsa momwe anthu wamba ankapiririra mavutowo. Filimuyo idapata mphoto ya Ousmane Sembène pa chionetsero cha mafilimu ku Zanzibar mu 2010. Mu 2013 adakayankhula pa msonkhano wa TED ku America za malembo akale a mu Africa.

Koma chomwe chidandigwira mtima ine ndi buku lawo la mu 2004, Afrikan Alphabets. Mmenemo adasonkhanitsa njira zolembera zomwe anthu a mu Africa adapanga okha. Ndidakula ndikumva, ndipo pepani, ndidaphunzitsaponso ena, kuti kulemba kudabwera ndi amishoni. Kwa ife kuno malembo omwe tikugwiritsa ntchitowa adabweradi motero. Koma Africa ndi wamkulu. Ku Ethiopia akhala akulemba ndi malembo a Ge'ez kwa zaka zoposa 1,500. Atuareg a m'chipululu cha Sahara ali ndi Tifinagh. Ku Nigeria kuli zizindikiro za Nsibidi, ku Ghana za Adinkra zomwe amadinda pa nsalu. Ku Liberia, cha m'ma 1830, Momolu Duwalu Bukele adakonza malembo a chiyankhulo cha Vai, oposa 200.

Nkhani yomwe ndimaikonda kwambiri ndi ya Mfumu Njoya ya Abamum ku Cameroon. Cha m'ma 1896 idayamba ndi zizindikiro mazanamazana, chilichonse choimira chinthu kapena liwu. Itaona kuti anthu akuvutika kuziloweza, idazichepetsa kangapo konse mpaka zidatsala pafupifupi 80. Idatsegula masukulu, idalembetsa mbiri ya anthu ake. Atsamunda a ku France sadakondwe nazo. Adaichotsa kwawo n'kuipititsa ku Yaoundé, komwe idamwalira mu 1933. Taonani zomwe mfumuyi inkachita: inkayesa malembo pa ophunzira, akavutika n'kusintha malembowo. Ine wophunzira wanga atavutika ndidamukalipira.

Pali china chomwe inu aphunzitsi a kuwerenga muchizindikira msanga. M'malembo a Vai, ndi a Bamum momwe adadzathera, chizindikiro chimodzi chimaimira phatikizo lathunthu, monga "ba" kapena "ku". M'malembo a ku Ethiopia lembo limasintha pang'ono maonekedwe malinga ndi liwu lotsatira. Si momwe timaphunzitsira ife, ba, be, bi, bo, bu? Anthu amenewa adamvetsera ziyankhulo zawo n'kupeza kuti khutu limagwira phatikizo msanga kuposa lembo lapalokha. Ngakhale ku Malawi a Nolence Mwangwego adatsata njira yofananayo: adayamba kukonza malembo awo mu 1979, n'kuwaonetsa poyera mu 1997.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti mawa mukaphunzitse malembo a Vai kapena a Mwangwego m'malo mwa omwe ali m'buku lanu. Mayi wa tomato uja ankafuna kuwerenga kapepala ka mankhwala a mwana wake, thumba la feteleza ndi kalata yochokera ku Joni, ndipo zonsezo zimalembedwa ndi a, b, c. Nthawi ya munthu wamkulu ndi yochepa, tisaiseweretse. Chomwe ndidatolapo kwa a Mafundikwa n'chakuti lembo ndi chinthu chopangidwa ndi manja a munthu, monga mpando kapena mtondo. Wina adasankha kuti likhale lotalika chonchi, lopindika apa. Choncho inunso mukagwira choko kapena cholembera pa tchati, mukusankha m'malo mwa wophunzira, kaya mukudziwa kaya simukudziwa.

Kuyambira pamenepo ndidasintha zingapo. Lembo lililonse latsopano ndimalionetsa m'maonekedwe ake onse tsiku lomwelo, makamaka a ndi g. Ndimadula malembo m'manyuzi akale, pa mapaketi a shuga ndi a sopo, n'kumata pa zidutswa za katoni, ophunzira n'kumasanja okha ofanana. Ndidaleka kulemba matchati ndi malembo akuluakulu okhaokha poganiza kuti ndikuthandiza. Buku lomwe akawerenge kunyumba ladzaza ndi ang'onoang'ono. Pakati pa mawu ndimasiya mpata wokwana zala ziwiri, chifukwa woyamba kumene sadziwa pomwe liwu lathera. Cholembera chachikasu ndidachitaya, sichioneka. Ndipo ndisadapachike tchati ndimakaima kumbuyo kwenikweni kwa kalasi, nthawi yomwe dzuwa lapendeka, poti ambiri mwa ophunzira athu maso adayamba kale kuchita chidima ndipo magalasi alibe. Za b, d, p ndi q mukuzidziwa kale: ndi kanthu kamodzi kongotembenuzidwa. Dengu mukalivundikira limakhalabe dengu, ndiye musadabwe munthu wamkulu akamaona b ndi d ngati chinthu chimodzi.

Zithunzi nazonso muziziyesa. Funsani kaye, "Mukuona chiyani apa?" musanafotokoze. Mudzadabwa kuti muvi womwe inu mwajambula kusonyeza njira, wina akuona mkondo.

Mayi aja adabwerera patatha mwezi, nditapitako kawiri kukapepesa. Tsiku lomwe ndidabwera ndi makadi anga a katoni, ndi iwo adaimirira kufotokozera anzawo omwe adawaseka aja, omwenso kapepala ka katemera kadawakanika titawapatsa. Adanyamula makadi awiri n'kunena kuti, "Uyu ndi a wa chipewa, uyu ndi a wopanda chipewa, koma ndi munthu mmodzi." Maina amenewo ndimawagwiritsabe ntchito m'kalasi iliyonse yomwe ndayamba.