Kuchoka ku Magomero Kukapuma ku Likoma

Magomero ndi chilumba cha Likoma n'zapachibale. Mu 1861 amishoni a UMCA, motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, anamanga mishoni yawo yoyamba kuno ku Magomero. Malungo, njala ndi nkhondo zinawasamutsa mpaka anakafika ku Zanzibar, ndipo pobwerera mu 1885 anakakhazikika pa Likoma. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903, chilipobe pachilumbapo. Koma banja lotopa ndi khasu, msika ndi foni lili ndi chifukwa chinanso chopitira kumeneko: kukaphunzira kupuma.

Phunzirolo limayambira m'njira. Mukatulukira pa Namadzi mumadzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi mpaka ku Monkey Bay, kwawo kwa sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Ilala sithamanga. Imaima m'madoko kutsitsa ufa, njinga ndi malata, ndipo mumagona m'sitima momwemo musanaone chilumba. Musanachoke pakhomo funsani masiku ake onyamukira, chifukwa ulendo wochokera ku Monkey Bay umatha kugwera pa Sabata. Ena amakakwerera ku Nkhata Bay, kumene kuwoloka kwake n'kwa maola ochepa. Kumbukiraninso kuti m'nyengo yozizira mphepo ya mwera imawindutsa nyanja. Mu September ndi October madzi amakhala odekha, ngakhale kumatentha.

Likoma ndi chilumba chaching'ono, pafupifupi masikweya kilomita 18, chozunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique. Mapiri a tsidya lija amaoneka ngati mungawakhudze. Magalimoto ndi owerengeka, moti anthu amayenda pansi, kudutsa pakati pa milambe ikuluikulu ndi mitengo ya mango. Malo ogona alendo alipo a mitengo yosiyanasiyana: ena ndi apamwamba, monga Kaya Mawa, ena ndi tinyumba taudzu pamchenga, monga Mango Drift, ndipo pa Mbamba pali nyumba zogona zotsikirapo mtengo.

Tsiku la kumeneko lilibe zambiri. M'mawa asodzi amakocheza ndi usipa ndi utaka, amayi n'kumayanika pa thandala. Masana ana amasambira m'madzi oyera mbee, timbuna tamawangamawanga tikuzungulira miyala. Usiku nyali za asodzi zimandandalika panyanja ngati mudzi. Tsiku loyamba mtima umavuta, dzanja limangofunafuna foni. Lachitatu mumapeza kuti mwagona tulo tokwanira, mwayenda mtunda osadziwa, ndipo mwana amene kunyumba amangoyankha kuti "eya" wakufotokozerani nkhani yonse ya kusukulu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhono zomwezo muzisamale nazo. Zina za m'nyanja zimasunga tizilombo ta likodzo, makamaka m'madzi odikha a m'mabango ndi pamene anthu amachapira. Tizilomboti timalowa pakhungu. Pakatha miyezi iwiri mutabwerera, pitani kuchipatala mukayezetse, ngakhale musanaone magazi mumkodzo. Mankhwala ake, praziquantel, amachiza. Gonani m'neti usiku uliwonse, imwani madzi owiritsa, ndipo mwana asalowe m'madzi popanda wamkulu pafupi. Pa chakudya, chambo ndi usipa zili ndi mamba, kampango alibe, choncho muuzeni wophika zimene banja lanu limadya. Chinangwa, nyemba ndi masamba sizisowa.

Ulendowu umafuna ndalama, n'zoona, ndipo si wa chaka chilichonse. Koma banja limene layamba kupatula pang'ono pa zokolola za nandolo kapena chimanga likhoza kuukwanitsa. Mukakafika, nyamulani madzi ndi chipewa, mukwere kamtunda madzulo ndi ana anu, muone dzuwa likulowera kuseri kwa chilumba cha Chizumulu.