Mwana Akafuna Kusiya Sayansi

Pali mawu amene makolo ambiri kuno ku mapiri a Dedza tawamva pakamwa pa ana athu akafika Fomu 3: "Bambo, mayi, Physics yandikanika, ndifuna ndiisiye." Kawirikawiri wonena mawuwa ndi mwana yemwe uja adatiuza ali wamng'ono kuti adzakhala dokotala. Poona m'mene wawondera ndi mabuku, mtima umatiuza kuti timulole apumule. Koma tisanagwedeze mutu, nkofunika kuti tidziwe chimene tikuvomerezacho.

Tiyambe ndi m'mene mayeso amayendera. Pa mayeso a MSCE, amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, phunziro lililonse limalandira nambala kuyambira 1 mpaka 9. Wopeza 1 kapena 2 wapambana kwambiri, 3 mpaka 6 ndiye kirediti, 7 ndi 8 nkungokhoza chabe, 9 walephera. Mapointi a mwana amawerengedwa pa maphunziro 6 amene wachita bwino koposa. Tsono mwana amaganiza kuti akataya phunziro lomuvuta, mapointi ake adzakongola. Nzoona kuti adzapeza nthawi yowerenga zina. Koma iye amaiwala kuti akalemba maphunziro 7 kapena 8, limene lamuvutalo silidetsa mapointi ake, pakuti sililowa m'chiwerengero.

Chachikulu nchakuti sukulu ya udokotala siyang'ana mapointi okha. Kale boma linkatumiza ana athu kunja kukaphunzira ntchitoyi, kufikira pamene College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991. M'chaka cha 2021 sukuluyi idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing, nkukhala Kamuzu University of Health Sciences. Wofuna udokotala kumeneko amafunsidwa makirediti pa Chingerezi, Masamu, Biology, Physics ndi Chemistry. Ife akale tinkalemba Physical Science ngati phunziro limodzi, koma lero Physics ndi Chemistry zidalekana, ndipo kusiya limodzi nkudzitsekera khomo. Mwana angathe kubwera ndi mapointi okoma kuchokera ku Geography, History, Agriculture ndi Chichewa, mudzi wonse nkumuvinira, koma pakhomo paja salowa.

Lamuloli si nkhanza ayi. Dokotala ayenera kumvetsa chimene mankhwala amachita akalowa m'magazi, chifukwa chimene magazi amathamangira, ndi m'mene makina ojambula mafupa amagwirira ntchito. Zonsezi zimamera pa maphunziro omwe aja mwana afuna kuthawa. M'mera mpoyamba. Ife alimi a mbatata ya kachewere tidziwa kuti munda umene wabala pang'ono umatipatsabe mbeu ya chaka chamawa, koma umene sitidabzalemo sitikumbamo kanthu. Nchimodzimodzi pano: phunziro limene mwana wakhoza mofooka ali nalo poyambira, pamene limene adalisiya mu Fomu 3 ayenera kuliyamba pachiyambi.

Nanga tichitenji? Choyamba tifunse chifukwa chake, modekha. Mwina mwana sakuopa Physics, koma masamu amene ali m'katimo. Mwina sukulu yake ilibe chipinda choyeseramo zinthu, monga zilili m'masukulu ambiri oyendera, ndipo akuloweza zimene sadazionepo ndi maso. Mwina ndi mtsikana amene wina wamunong'oneza kuti sayansi nja anyamata. Mwinanso chifukwa chili pakhomo pathu pomwe: mwana aweruka, athamangira kudimba kukathirira, atunge madzi, aphike, ndipo pofika pa buku, chisanu cha Juni chamuuma zala, nyali ilibe moto.

Chilichonse mwa izi chili ndi mankhwala ake. Tipite kwa aphunzitsi aakulu tikamve maganizo awo. Kufunsa ndiko kudziwa njira. Timuchepetsere ntchito zapakhomo, ngakhale zitatilemera ife. Timulimbikitse kuwerenga pamodzi ndi anzake ndi kufunafuna mafunso a mayeso akale. Ngati pafupi pali mphunzitsi wopuma pantchito, tisachite manyazi kugogoda pachitseko chake. Ndipo chaka ndi chaka bungwe la NCHE limalengeza zofunika polowa m'mayunivesite a boma. Tiziwerenge mwana ali Fomu 2, osati atalemba kale mayeso.

Kwa amene adasiya kale, tisanene kuti zonse zatha. Mwana angathe kuphunzira phunzirolo ndi kukalembanso MSCE. Koma njirayi imadya chaka, imadyanso ndalama za matumba angapo a mbatata. Tisadzinamizenso kuti akangolowera unamwino kapena ntchito zina zachipatala, pakuti ku Malawi College of Health Sciences ndi kusukulu za anamwino nakonso amafunsa sayansi.

Pali chinthu china chimene tiyenera kudzifunsa tili tokha usiku: kodi udokotalawu akuufuna ndi mwana, kapena ndife? Ngati mtima wake uli pa malamulo, uphunzitsi kapena malonda, timumasule ndi manja awiri. Si mwana aliyense adabadwira jakisoni. Koma ngati akuufunadi, ndipo chamugwetsa mphwayi ndi mayeso amodzi a pateremu, tisamulole agulitse tsogolo lake pofuna mpumulo wa miyezi yochepa.

Kuyambira 1951, pamene Dedza Secondary School idatsegulidwa, mapiri ano akhala akutulutsa ana ophunzira. Ndipo aliyense wa ife, kaya wa ku Bembeke, ku Linthipe kapena ku Mayani, adakhalapo pamzere wa kuchipatala ndi wodwala kumsana, kudikira dokotala mmodzi wotumikira khamu. Amene adzafupikitse mzere umenewo ali mu Fomu 3 lero, ndipo mwina akugona m'nyumba mwathu. Tisafulumire kumuchotsera khasu m'manja chifukwa choti nthaka yalimba.