Kope la kuchipatala

Asodzi a chilimila a ku Mbamba Bay sapatsa munthu fomu yoti adzaze, koma mafunso ali nawo. Mnyamata akafuna kulowa m'gulu lawo, mwini ukonde amafufuza zinthu zitatu: ngati amatha kusambira, ngati amaledzera, ndiponso ngati amagwa. Ziwiri zoyambazo amamufunsa mwini wake pamaso. Chachitatu amakafunsa kumbali, kwa azakhali kapena kwa mnzake wa kusukulu, chifukwa khunyu kwathu kuno sitilitchula mokweza. Komabe amafunsa ndithu. Usiku pakati pa nyanja, nyali zikuyaka, maso a aliyense ali pa usipa, munthu wa khunyu akagwera m'madzi sakuwa ndipo saphiriphitha. Amangomira. Wina akadumphira kuti amuvuule mumdimawo, mwera uli pafupi, maliro akhoza kukhala awiri.

Ndatchula asodzi chifukwa ndi iwo amene ndinkawaganizira pamene mwana wa mlongo wanga anafuna kukakhala ofisala wa asilikali. Kwa ife a Chinyanja a m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Mbamba Bay kutsika mpaka ku Chiwindi kumalire ndi Mozambique, mwana wa mlongo wako ndi mlandu wako. Bambo ake alipo, koma nkhani ikavuta imabwera kwa malume.

Mnyamatayu anagwa kawiri ali Fomu 2. Koyamba kunali pamchenga, pafupi ndi mathandala oyanikapo usipa. Kachiwiri m'kalasi, patapita miyezi itatu. Kuchipatala anamupatsa mankhwala a phenobarbital, anamwa zaka ziwiri, kenako adokotala anamuchepetsera pang'onopang'ono mpaka kusiya. Sanagwenso. Anamaliza Fomu 6 ku Songea atakhoza bwino masamu, ndipo anapita ku Mlale kukachita miyezi itatu ya JKT, maphunziro otumikira dziko amene boma linawabwezeretsa mu 2013 kwa omaliza Fomu 6. Anabwerako atada bii, ataonda, akuyenda ngati wameza ndodo, ndipo pakamwa pake panali mawu amodzi okha: Monduli. Kumeneko, m'chigawo cha Arusha, ndi kumene kuli sukulu yophunzitsa maofisala a JWTZ, gulu la nkhondo la Tanzania.

Munthu wa kutali sangamvetse msanga kulemera kwa mawu amenewo m'nyumba ngati yathu. Boma la Nyasa linapatulidwa ku Mbinga mu 2012 momwemu, ndipo msewu wa tala wochokera ku Mbinga wafika posachedwapa. Ntchito za malipiro a pamwezi n'zowerengeka: uphunzitsi, unamwino, maofesi ochepa a boma. Zotsalazo ndi nyanja ndi munda wa chinangwa. Usilikali nawonso uli ndi ulemu wake. JWTZ inakhazikitsidwa pa 1 Seputembala 1964, Mwalimu Nyerere atathetsa gulu lakale la Tanganyika Rifles limene linaukira mu Januwale chaka chomwecho, ndipo madoda amene anamenya nkhondo ya ku Kagera mu 1978 ndi 1979 timawapatsabe mpando pamaliro. Mwana akavala nyenyezi paphewa, mudzi wonse wavala.

Umboni wonse wa matenda ake unali m'kope limodzi la ana asukulu, lodulidwa pakati, lija timagula pagolosale tikamapita kuchipatala. Munali madeti, dzina la mankhwala, ndi zolemba za adokotala zimene ife sititha kuwerenga. Mlongo wanga ankalisunga pansi pa sutikesi, pamodzi ndi khadi la ubatizo. Kupatula kopelo, panalibe chimene chikanamuulula. Khunyu silioneka m'magazi kapena m'mkodzo monga likodzo, limene ana ambiri a kunyanja anadwalapo n'kuchira ndi mapiritsi a praziquantel. Silioneka pachithunzi cha m'chifuwa monga TB. Ngakhale makina oyezera ubongo a EEG nthawi zambiri sapeza kanthu mwa munthu amene sakugwa pa nthawiyo. Dokotala woyeza ofuna usilikali amadalira pakamwa pa mnyamatayo basi: unayamba wakomokapo? Unamwapo mankhwala kwa nthawi yaitali?

“Achimwene, kope ili ndiliponya pamoto,” anatero mlongo wanga. “Mwana anachira. Ku Mlale wagona panja, wathamanga, wakhala masiku osagona tulo, sanagwe. Mukufuna akadzinenere yekha mlandu umene palibe akumuimba?”

Mawu ake sanali opusa, ndipo sindikufuna kuti wowerenga amuone ngati mayi wabodza. Ankadziwa zimene dzina la khunyu limachita kwathu. Pali anthu mpaka lero amene amakhulupirira kuti ukakhudza thovu la munthu wogwa nawenso utenga matendawo, zomwe si zoona. Motero munthu amagwera pamoto anzake ataima patali. Pali mabanja amene amabweza ukwati akamva kuti m'nyumbamo muli wogwa. Zaka zisanu mlongo wanga anagwira ntchito yoti mudzi uiwale, ndipo mudzi unali utayamba kuiwala. Tsopano ine ndinkati nkhaniyo ikalembedwe pa pepala la boma.

Ankadziwanso chinthu china chimene tonse timachidziwa: kuti ena amabisa ndipo amadutsa. Wa mphumu amabisa kampope kake m'sokosi. Wothyoka mwendo kale amaluma mano n'kuthamanga. Woona mtima amatsala pageti, wabodza n'kulowa. Amene amanena kuti chilungamo chimalipira nthawi zonse sanaimepo pamzere wa ofuna ntchito.

Komabe sindinavomere, ndipo chifukwa changa chinali cha asodzi aja. Msilikali wamba akagwa, wagwa munthu mmodzi. Ofisala wamng'ono, amene kuno timati luteni usu, amapatsidwa anthu pafupifupi 30. Iye ndiye amagwira mapu ndi wailesi, iye ndiye amanena kuti tidutse apa kapena tibwerere. Ali ngati siginala wa chilimila, uja amakhala yekha m'kabwato ka nyali n'kumauza anzake nthawi yoponya ukonde. Ndipo asilikali athu sangokhala m'makambi. Kuyambira 2013 akhala ali kum'mawa kwa Congo pansi pa United Nations, limodzi ndi anzawo a ku Malawi ndi South Africa. Pa 7 Disembala 2017 zigawenga za ADF zinaukira kambi ya ku Semuliki madzulo, nkhondo inatenga maola angapo, ndipo asilikali 15 a Tanzania anafa. Usiku ngati umenewo uli ndi zonse zimene zimadzutsa khunyu logona: kusowa tulo, njala, mantha, mwinanso malungo m'thupi. Miyezi itatu ya ku Mlale ndi umboni, inde, koma ndi umboni wa miyezi itatu.

Mawu oti “anachira” nawonso madokotala amawagwiritsa ntchito mosamala kuposa ife. Bungwe la akatswiri a matendawa padziko lonse, International League Against Epilepsy, linagwirizana mu 2014 kuti khunyu lizionedwa kuti latha munthu akakhala zaka 10 osagwa, zisanu zomalizira asakumwa mankhwala. Mnyamata wathu anali ndi zaka zisanu osagwa, zitatu osamwa mankhwala. Mwina sadzagwanso moyo wake wonse. Ambiri otere sagwanso. Koma woyenera kuyeza “mwina” ameneyo si mayi wake, si malume wake, ndiponso si mwini wake amene mtima uli kale ku Monduli.

Pali mbali ina imene anthu olalikira za kunena zoona amakonda kuidumpha. Ngati gulu la nkhondo likufuna kuti mnyamata aulule za m'thupi mwake, nalonso lili ndi ngongole kwa iye: limusungire chinsinsi, ndipo limuyeze iyeyo monga alili, osati kungomva dzina la matenda n'kutseka chitseko. Mayiko oyandikana nafe anafika mpaka kukhoti pa nkhani imeneyi, makamaka pa za HIV. Ku South Africa, mu 2008, khoti lalikulu la ku Pretoria linathetsa lamulo la asilikali lokana aliyense wa HIV mosayang'ana thanzi lake. Ku Zambia, mu 2010, khoti lalikulu la ku Livingstone linagamula kuti Stanley Kingaipe ndi Charles Chookole, amene anali m'gulu la nkhondo la mumlengalenga, anaphwanyiridwa ufulu pamene anayezedwa magazi osapemphedwa chilolezo. Ndimaona kuti zigamulo zotere zimathandiza asilikali eni ake. Kumene choonadi chimalangidwa mwachisawawa, anyamata amaphunzira kubisa, ndipo mkulu wa asilikali amatsogolera anthu amene sakuwadziwa. Koma HIV ndi khunyu n'zosiyana. Munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika sakomoka mwadzidzidzi mfuti ili m'manja.

Zonsezi sindinamuuze mnyamatayo ngati ulaliki. Tinakhala pabwato lovundikira, madzulo, ndipo ndinamufunsa ngati angalole kuti mng'ono wake, amene amakonda nyanja kuposa sukulu, akwere bwato ndi siginala amene anabisa kuti amagwa. Anakhala chete nthawi yaitali, akukumba mchenga ndi chala cha kuphazi.

“Amalume, ndiye kuti zonse ndathamangira zija zapita pachabe?”

Ndinamuuza kuti sindingamulonjeze kanthu. Kuti akanena, akhoza kumubweza. Ndipo kuti akabisa n'kudzagwa ali m'kati, adzatuluka ndi dzina la wonama pamwamba pa dzina la wodwala. Ndinamuuzanso kuti kopelo ndi lake, osati langa kapena la mayi ake. Anali ndi zaka 20.

Analitenga. Analikulunga m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi masatifiketi ake, n'kukwera basi ya m'mamawa yopita ku Songea. Mlongo wanga sanamuperekeze kusiteji.

Monga anatifotokozera atabwerako, anathamanga bwino, kutalika kunakwana, maso ndi mano zinali bwino. Atafika kwa dokotala anatulutsa kopelo asanafunsidwe n'komwe. Dokotalayo anatseka chitseko, anawerenga tsamba lililonse, anamufunsa mafunso ambiri: anagwa nthawi yanji, anadziluma lilime kapena ayi, alipo wina wogwa m'banja. Kenako anamuuza mosazungulira kuti sangamudutsitse, n'kumubwezera kopelo m'manja, osati pamulu wa mapepala. Mnyamatayo akuti chimene chinamupweteka kwambiri si mawuwo, koma kutuluka pageti masana dzuwa likuswa mtengo, anzake akadali pamzere, aliyense akumuyang'ana n'kumadzifunsa kuti wapezeka ndi chiyani.

Anakhala miyezi iwiri osafuna kuonana ndi anthu. Mnzake wina amene anali naye ku Mlale anadutsa, ndipo zithunzi zake atavala yunifomu zinkafika pa WhatsApp ya m'banja mwathu, anthu osadziwa n'kumazitumizanso. Mlongo wanga anasiya kundipatsa moni wa m'mawa kwa nthawi ndithu. Tsiku lina tikuchokera kumaliro anandiuza kuti, “Inu achimwene muli ndi penshoni yanu. Chilungamo chanucho walipira ndi mwana wanga.” Sindinamuyankhe, chifukwa pa mawu amenewo panalibe bodza.

Pano mnyamatayo ali ku koleji ya uphunzitsi, akuphunzira kudzaphunzitsa masamu. Sakuikonda monga ankakondera Monduli, ndipo sabisa zimenezo. Akabwera patchuthi amadzukabe 5 koloko n'kuthamanga mumsewu wa ku Mbinga mpaka poyambira chitunda, ana akumuthamangira pambuyo n'kumamuitana kuti afande. Chaka chino chikatha akhala atakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri osagwa. Mlongo wanga ndiye amawerenga zakazo. Anandiuza yekha, tikusenda chinangwa, osandiyang'ana kumaso.