Chipilala cha pa Lizulu

Kwathu ku Khombedza malire timangowamva kuti ali m'madzi, pakati pa nyanja. Sindinawaonepo ndi maso mpaka tsiku lomwe ndinaperekeza azakhali kukagulitsa usipa ku Lizulu, ku Ntcheu. M'mbali mwa msewu wa M1 ndinaona kachipilala ka simenti. Uku Malawi, uko Mozambique. Basi!

Malire amenewa anapangana Angerezi ndi Apwitikizi ku Lisbon mu 1891. Angoni a Maseko sanafunsidwe. Dziko lawo analing'amba pakati ngati chambo chofuna kuyanika: Domwe tsidya ilo, Lizulu tsidya lino.

Koma anthu ake ndi amodzi mpaka lero. Amakwatirana, maliro amalira limodzi. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, yomwe inatha mu 1992, ambiri anapulumuka pongodumpha msewu womwewu.

Tsono inu a m'misika ya Lilongwe ndi Limbe, kachewere amene mumati ngwa ku Ntcheu uja, wina amalimidwa ku Angonia. Mukamapikula, musamagwetse mtengo ati poti mlimiyo ngobwera. Ndi m'bale wanu ameneyo. Adamusandutsa mlendo ndi azungu, osati makolo athu.