Liwu limodzi likhoza kumanga munthu

Nkhani zambiri zimafika pa desiki yanga zili m'Chingerezi, ndipo ntchito yanga ndi kuziika m'Chichewa woulutsa asanalowe mu situdiyo. Za bajeti kapena za mvula sizinditayitsa nthawi. Zimene zimandikhazika pansi ndi za anthu okayikitsa, chifukwa kumeneko liwu limodzi likhoza kumanga munthu khoti lisanamuweruze.

Azungu ali ndi mawu ochuluka onenera munthu popanda kumuloza chala. Mngelezi akati kontilakitala uyu ndi dodgy, sakunena kuti waba. Akungoti usamupatse ndalama zonse nyumba isanafoleredwe. Liwu lomwelo amalinenanso pa galimoto ya mabuleki osagwira kapena ndiwo zogona. Anthu a ku America amakonda sketchy, makamaka pa malo amene sungayendeko usiku. Shady ndi malonda ochitikira kuseri, fishy ndi nkhani imene mutu wake sukumveka. Onsewa ndi mawu a kukayika basi. Koma crook ndi fraudster aweruza kale mlandu.

Achinyamata ongoyamba kumene ntchito amathamangira "mbava" pa zonsezi, poti limakoma m'khutu. Ine ndimawabwezera pepala. Ngati umboni ulipo wa kukayika kokha, munthuyo ndi wokayikitsa kapena wosadalirika. Tambwali ndimamusungira amene amadyera anthu ndi pakamwa pozuna, uja Azungu amati con man. Dzinali linamveka ku New York mu 1849, pomwe William Thompson ankaimitsa anthu mumsewu n'kuwafunsa ngati angamukhulupirire pomusungitsa wotchi mpaka mawa. Ena ankavuladi n'kupereka, mawalo osafika.

Ena mwa mawuwa sindiyesa n'komwe kuwapezera liwu limodzi. Ponzi scheme inatenga dzina kwa Charles Ponzi wa ku Boston, amene mu 1920 ankalonjeza kuti ukaika ndalama, pakatha masiku 45 ulandira ndi theka lake pamwamba. Mayi womvera wailesi akupalira chimanga alibe naye ntchito Ponzi. Ndimangolongosola kuti ndalama za olowa lero ndizo zikulipira amene analowa dzulo, ndipo olowa akatha, onse amalira. Ndikatero amazindikira yekha gulu lina limene linafika m'mudzi mwawo. Chimodzimodzi 419, imene ndi nambala ya gawo la malamulo a ku Nigeria loletsa kutenga katundu mwachinyengo. Kuno mlandu wotero apolisi amaulemba pa gawo 319.

Kaliwu kamene ndimakalondera kuposa onse ndi alleged. M'Chichewa kamasanduka "akuti" kapena "akuganiziridwa kuti", ndipo nthawi ikachepa n'kamene mkonzi amafuna kudula poyamba. Ndimalola kudula dzina la mfumu yaikulu ya dera, osati kameneka. Kakangochoka, wailesi ndiye yanena kuti munthu waba, ndipo maloya sachedwa kulemba kalata.

Zoopsa nazo zili ndi makwerero. Apolisi akati mumsika muli tense, ine n'kunena kuti "kwavuta", ogulitsa amatseka mashopu ndipo makolo amathamangira ku sukulu kukatenga ana. Choncho ndisanalembe ndimaimbira mtolankhani amene ali komweko, n'kumufunsa ngati mwala waponyedwa kale kapena anthu angosonkhana n'kumayang'anizana.